Chitseko cha a Eneya

1. Chitenje pakhomo

Kuseri kwa golosale yawo, pafupi ndi chipata cha malire a Mchinji, a Consolata anali ndi mdadada wa zipinda zinayi za lendi. Zitatu ankagonamo amalonda odutsa malire. Chachinayi, chakumapeto, ankakhalamo Ivy, mayi wachitsikana wophika mandasi, pamodzi ndi mwana wake wa miyezi isanu ndi iwiri, Shalom.

Loweruka lina la mwezi wa Juni, Zelifa, mwana wamkazi wa a Consolata, anatuluka m'mawa ndi tsache. Atafika kumapeto kwa mdadadawo anaima chilili. Chipinda cha Ivy chinalibe chitseko. Pafelemu panangotsala mabowo a misomali, ndipo pakhomo panalendewera chitenje chimene mphepo inkachikankhira m'kati.

Ivy anali pakhonde atafunda bulangete limodzi ndi mwanayo. Shalom ankatsokomola.

Ivy anafotokoza kuti amene anazula chitsekocho ndi a Kenny, amalume ake a Zelifa, dzulo lake dzuwa litapendeka. A Kenny ankagula soya m'midzi ndipo ankafuna chipindacho kuti azisungiramo matumba. Lolemba anamuuza kuti pofika Lachisanu akhale atatuluka. Iye anayenda ponseponse kufunafuna chipinda china koma sanachipeze, ndipo atapempha kuti amudikire mpaka mwezi uthe, yankho lake linali hamala.

“Sindikukana kutuluka, Zelifa,” anatero Ivy. “Nyumba ndi yanu. Koma chipinda sichipezeka ngati tomato pamsika.”

Zelifa anataya tsache n'kulunjika kukhitchini. Anapeza amayi ake akumanga nkhuku miyendo ndi luzi. Sanamalize n'komwe funso lake.

“Tamvera iwe,” anatero a Consolata osatukula mutu. “Malata a zipinda zimenezi anakhoma ndi amalume ako. Kusukulu kwanuko kukakhala msonkhano, amene amakakhala pabenchi ya makolo ndi amalume ako. Atate ako atatisiya, abale onse anabalalika maliro atangotha, anatsala ndi yani? Lero akapempha kachipinda kamodzi ndiwakanize? Mwana wa Fomu 2 salowerera nkhani za nyumba. Ndipo kumene ndikukutumaku usakayambe kuulutsa zapakhomo pano. Pakamwa pako ndimapadziwa, ndi wailesi ya m'minibasi, ilibe pozimitsira.”

Atatero anamupatsira nkhukuyo. Linali tsiku lokumbukira malemu a Eneya Tembo. Chaka ndi chaka a Consolata ankatumiza nkhuku kumwambowo, ndipo ankasankha yonona. Koma iwo eni sanapiteko ndi tsiku limodzi lomwe. Ankati mutu ukuwawa. Mutu umenewo unali wodziwa kalendala, chifukwa unkawawa kamodzi pachaka, tsiku lomwelomwelo.

2. Odi ndi lowani

Mwambo unkachitikira pansi pa mtengo wa mango, pakhomo pamene a Eneya ankakhala, mtunda wa mphindi makumi awiri kuchokera kuchipata. Zelifa anapereka nkhuku kwa amayi ophika n'kukakhala pamphasa.

A Eneya anamwalira zaka zinayi zapitazo. Ali mnyamata anali kalipentala pa esiteti ina ya fodya ku Kapondo, ndipo ndi iwo amene anayamba kusonkhanitsa matenanti, anthu olima fodya paminda ya eni, kuti alowe yuniyoni n'kumayankhula ndi mawu amodzi. Atakula anasamukira kumalire, koma khalidwe silisamuka. Kumeneko anayamba kuimira anthu a lendi, onyamula katundu ndi akabaza.

N'chifukwa chake pansi pa mangopo panali anthu amitundumitundu. Panali nkhalamba zochokera ku Kapondo ndi kwa Dambe, anyamata a kabaza atatsamiritsa njinga zawo pampanda, ndiponso amayi atatu a ku Mwami amene anawoloka malire ndi thumba la mbatata. Panalibe wolira. Malemuwo anakaniratu asanamwalire, amati analira kokwanira ali moyo.

Choncho anthu ankangowaseka. Wina anakumbutsa kuti akati anene mawu awiri okha, amayi ankapita kukateleka nyemba n'kubwerera kudzawapeza asanafike pa mawu achiwiriwo. Wina anati kutchalitchi ankaimba mokweza kuposa kwaya yonse koma osagwira nyimbo ndi imodzi yomwe. Kuseka kunali kokoma, ndipo fungo la nkhuku linayamba kufika pamphasa.

Patsinde la mtengowo panatsamira chitseko chakale cha mlombwa, chopapatiza, chakuda ndi zaka. M'malo mwa mahinjesi chinali ndi zidutswa ziwiri za tayala. Nkhope yake yonse inali mayina okhaokha owotchedwa ndi msomali wamoto, ena akuluakulu pamwamba, ena ang'onoang'ono okhotakhota mpaka pansi penipeni.

A Vitus, mnzawo wa malemuwo wa m'yuniyoni, anaimirira ndi ndodo yawo kuti afotokozere ana mbiri yake.

“Kale m'maesiteti,” anayamba a Vitus, “kapitawo akafuna kuti tenanti achoke, sankamumenya ayi. Ankangozula chitseko. Nyumba yopanda chitseko simugonamo masiku atatu. Mphepo ilowa, agalu alowa, maso a anthu alowa. Mumanyamuka nokha, kenako kapitawo amati, ‘Ine sindinathamangitse munthu.’ Ndiye Eneya anatola zotsalira za matabwa n'kupanga chitseko ichi. Anachipanga chopapatiza dala kuti chilowe pakhomo lililonse. Akamva kuti kwinakwake azula, ankachimanga panjinga, kukachikhoma, n'kukhala pansi pomwepo mpaka mwini malo abwere akambirane. Nkhani ikatha, banja lija linkawotcha dzina lake apa. Mutu umodzi susenza denga, ana inu. Koma chitseko chimodzi chinasenza mabanja onsewa.”

Kenako unafika mwambo umene ana ankaukonda. Aliyense amene anagonapo kuseri kwa chitsekocho ankapita kukagogoda katatu n'kunena kuti, “Odi!” Ndipo khamu lonse linkayankha kuti, “Lowani!” Gogo wina anagogoda ndi chigongono chifukwa m'manja munali mbatata yootcha. Anthu anagwa ndi phwete.

Zaka zina Zelifa ankaseka kuposa onse. Tsikuli ankangoona chitenje chija chikukankhidwa ndi mphepo.

3. Khoswe wa pamkhate

Anthu atayamba kusamba m'manja, Zelifa anapita pamene panakhala a Vitus n'kugwada. Anawauza motsitsa mawu kuti pali munthu wina amene amuzulira chitseko, ndipo ali ndi khanda lodwala chifuwa. Anapempha kuti amubwereke chitseko cha a Eneya.

A Vitus anafunsa kuti mwini nyumbayo ndani. Zelifa anayankha akuyang'ana pansi.

“Amayi anga, agogo. A Consolata a golosale. Koma anazula ndi amalume.”

Mkuluyo anamuyang'anitsitsa, kenako anayang'ana chitseko chija. Anati nkhuku ya a Consolata amaidya chaka chilichonse ndipo sinakhalepo yowonda. Ataseka pang'ono, nkhope yawo inakhazikika.

“Mdzukulu wanga, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate womwe umamwera. Tsono mvetsetsa. Chitseko ichi si chibonga chomenyera munthu. Eneya sanatukwanepo mwini nyumba ndi mmodzi yemwe. Asanakhome msomali ankayamba wapita kukapereka moni, n'kunena poyera chimene wabwerera. Zokhoma mobisa ngati mbala ankadana nazo. Ndipo wokhoma sathawa. Umakhala pomwepo, dzuwa likutenthe, akunyoze, mpaka mwini abwere. Iye anakhalapo masiku awiri akudya mtedza wokha. Usaganize kuti zinali zaulere. Ntchito inamuthera kawiri, ndipo achibale ake ena anamwalira asakumuyankhula. Lero tikumuseka chifukwa zinadutsa, koma nthawi imeneyo kunalibe woseka. Iwe madzulo ano ukagona m'nyumba ya amayi ako omwewo, ndipo Lolemba kusukulu udzafuna amalume ako omwewo. Ine sindikutuma, ndiponso sindikukuletsa. Pita ukadye kaye. Wanjala amalimba mtima msanga, koma amafookanso msanga.”

Zelifa anapita kukadya. Anadya bwinobwino, mpaka anatafuna fupa la nkhuku ya kwawo yomwe. Atasamba m'manja anavula mpango, anaupinda nkhata n'kubwerera kwa a Vitus.

Mkuluyo sananene zambiri. Anatuma kuti atenge m'nyumba hamala ya malemuwo ndi misomali isanu ndi itatu. Amayi awiri anamusenzetsa chitsekocho. Anthu ataona kuti chitseko chanyamuka patapita zaka zinayi chikungotsamira mtengo, ena anayamba kululutira, ndipo akabaza anathamangira njinga zawo kuti amuperekeze.

A Vitus anakweza ndodo n'kuwabweza onse. Anati chigulu chimabweretsa manyazi, ndipo munthu wochititsidwa manyazi samvanso nkhani. Mwanayo apite yekha.

4. Misomali isanu ndi itatu

Mlombwa ndi wolemera, ngakhale wokalamba. Pofika pamsewu waukulu khosi la Zelifa linali litayamba kudandaula. Malole anali atandanda kudikira mapepala, ndipo madalaivala opanda chochita ndi anthu oopsa pakamwa.

Wina anamufunsa kuti nyumba waiiwala kuti. Wina anati akafuna kuwoloka nacho akachidulire pasipoti. Zelifa sakanatha kutembenuza mutu, choncho anangoyankha akuyenda kuti nyumba ikubwera m'mbuyo pa kabaza. Madalaivala anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi.

Atafika pakhomo sanapite kuseri. Anatsamiritsa chitsekocho pakhoma la golosale, analowa n'kugwada pafupi ndi kauntala. Anadikira kuti kasitomala wogula sopo atuluke.

“Amayi, ndabwerako. Nkhuku alandira, athokoza.” Kenako analoza panja. “Ndabwereka chitseko cha a Eneya. Ndikufuna ndikachikhome kwa amake Shalom.”

A Consolata anasuzumira panja n'kuchiona. Nkhope yawo inasintha, ndipo anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

“Ndiye wandiika pabwalo,” anatero. “Ndinakuuza chiyani m'mawa?”

Zelifa anayankha kuti anauza a Vitus okha, ndipo sananene choipa chilichonse. Anati akudziwa kuti chipindacho amalume akuchifuna, ndipo Ivy sakukana kutuluka. Koma mwezi wa Juni khanda silingagone kuseri kwa chitenje.

“Ukakhoma msomali ngakhale umodzi, ukayankhe wekha kwa amalume ako. Ine usanditchule.”

“Chabwino, amayi.”

Mawu anatuluka olimba. Zelifa ankawakonda amayi ake, ndipo chibadwire anali asanawakanirepo maso ndi maso.

Ivy ataona chitsekocho anachita mantha. Anati zimenezi zingowonjezera moto, a Kenny akabwera amuponyera katundu pamsewu. Koma Shalom anatsokomolanso kumsana, ndipo Ivy anagwira chitsekocho kuti chiime.

Ukalipentala si phunziro la Fomu 2. Msomali woyamba unapindika. Wachiwiri unalowa bwino, koma hamala inapitirira n'kukapereka moni kwa chala chachikulu. Zelifa anavina pang'ono osaimba nyimbo. Pamapeto pake misomali isanu ndi umodzi inagwira, ndipo chitseko chinaima chopendekera ngati munthu wochokera ku mowa. M'mbali munatsala mpata wolowa dzanja, Ivy anatsekapo ndi chiguduli.

Anachitseka, anachitsegula, anachitsekanso. Matayala aja analira pang'ono koma anagwira ntchito yawo. Ivy analowetsa mwana m'kati. Zelifa anakoka njerwa, anaiika pafupi ndi khomo n'kukhalapo.

5. Dzina la pansi

Anakhala ola lathunthu, kenako lachiwiri. Anthu ena a lendi ankadutsa n'kumamuyang'ana cham'mbali. Kugolosale kunkamveka amayi ake akugulitsa shuga mokalipa ngati kuti shugayo ndi amene walakwa.

Dzuwa litayamba kupendeka, a Consolata anatseka golosale n'kutulukira kuseri. M'manja anali ndi chitsulo chozulira misomali. Zelifa anaimirira, koma sanachoke pakhomopo.

Amayiwo anafika n'kuima patsogolo pa chitsekocho. Sanayang'ane mwana wawo, sanayang'anenso misomali. Maso awo anayamba pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono. Kenako ananjuta, anaika chitsulo chija pansi, n'kuyamba kupukuta fumbi la m'munsi ndi nsonga ya chitenje chawo.

Pansi penipeni, pamene munthu wamkulu sangalembe ataimirira, panali zilembo zisanu zokhotakhota: KONSO. Pambali pake panali kamzere kozungulira, kakang'ono ngati nsawawa.

“Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu,” anatero a Consolata. “Agogo ako anali tenanti ku Kapondo. Anadwala nthawi yosoka fodya, kapitawo anabwera kudzazula chitseko. Tinagona masiku awiri ndi mphasa pakhomo. Tsiku lachitatu tinangomva belu la njinga. A Eneya anakhoma, anakhala panja, n'kumandipatsa mtedza. Nkhani itatha, atate anati iwo sadziwa kulemba, ndilembe ine. Ndinapsa chala ichi.”

Zelifa anafunsa chifukwa chake sanamuuzepo, ndiponso chifukwa chake sankapita kumwambo.

“Manyazi, mwanangu. Pano amandidziwa kuti ndine landilodi. Ndinkaopa kuti ndikakagogoda pamaso pa anthu, adziwa kuti landilodiyo ndi mwana wa tenanti. Ndiye ndinkangotuma nkhuku kuti ikandigogodere.” Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. “Dzulo hamala ikulira kuno ine ndinali m'golosale. Ndinakweza wailesi kuti ndisamve.”

Zelifa analoza kamzere kozungulira kaja n'kufunsa kuti nanga aka n'kachiyani.

“Ameneyo ndi khanda limene ndinali nalo kumsana. Linkatsokomola usiku wonse, amayi ankati silifika m'mawa. Ndinati nalonso likhale ndi dzina lake pachitseko, koma msomali unazizira, ndiye ndinangozunguliza.” Anaika chala pamenepo. “Ndi amalume ako Kenny. Palibe anawauzapo.”

A Consolata anadzuka, anakonza chitenje chawo. Anayang'ana uku ndi uku ngati mwana woba shuga. Kenako anatukula dzanja n'kugogoda katatu pachitseko cha chipinda chawo chomwe.

“Odi.”

M'kati munamveka mawu a Ivy.

“Lowani, amayi.”

Analowa. Zelifa ali panja anamva amayi ake akufunsa kuti chifuwacho chinayamba liti, ndipo akukalipira Ivy kuti bwanji sanapite naye mwana kuchipatala, mawa m'mawa apite. Anawamvanso akunena kuti zotuluka aziiwale kaye mpaka apeze pokhala pabwino. Kukalipa kwake kunali komwe kuja kwa masiku onse, ndipo Zelifa anakumva kukoma.

Atatuluka anayang'ana mmene chitsekocho chinapendekera n'kupukusa mutu. Anati a Eneya akanaona ntchito imeneyi akanalankhula mpaka nyemba kupsa. Anagwira chala chotupa cha Zelifa, anachiuzira mpweya, n'kumuuza kuti chimukhalire phunziro.

Nthawi yomweyo kumsewu kunalira hutala. Lole yaing'ono yodzaza matumba a soya inakhota pang'onopang'ono n'kuyamba kubwerera chambuyo kulunjika kumapeto kwa mdadada. Pawindo panatuluka mutu wa a Kenny, akukuwira dalaivala kuti afike pakhomo penipeni. Kenako anaona chitseko pamene iwo anasiya chitenje, ndipo kukuwa kunathera pakamwa.

Zelifa anayang'ana amayi ake, akukumbukira kuti anamuuza kuti akayankhe yekha.

A Consolata anakankhira chitsulo chozulira misomali kuseri kwa ndowa ndi phazi. Anayang'ana pamulu wa njerwa umene unali pafupi ndi bafa.

“Tatenga ina,” anatero. “Ukaiike mbali iyi, pafupi ndi kadzina ka amalume ako.”

A Kenny potsika m'lole anapeza anthu awiri atakhala pakhomo.